Chiswe chinandidyera ndakatulo za Mapanje

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa tsamba lanuli. Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala kufupi ndi Chitakale kuno ku Mulanje. Sabata yatha mdzukulu wanga wa Fomu 3 anandifunsa kuti Jack Mapanje analakwanji kuti akhale kundende ya Mikuyu zaka zoposa zitatu. Ndinasuzumira kaye pakhomo, kenako n'kuyankha monong'ona. Mwanayo anaseka: "Agogo, mukuopa ndani?" Manyazi anandigwira.

Buku lake la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka ku London mu 1981. Langa anandipatsa mnzanga amene anaphunzira ku Chancellor College. Mu 1985, mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, bukuli linachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale, ndipo pa 25 Sepitembala 1987 apolisi anam'nyamula mlembiyo ku Zomba. Kukhoti sanapite naye, anangomusunga mpaka Meyi 1991. Nditamva za kumangidwako ndinati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Buku langa lija ndinalikulunga m'thumba la feteleza n'kulikwirira pansi pa nkhokwe.

Komatu a Censorship Board, bungwe loletsa mabuku, nyimbo ndi makanema lija linadza ndi lamulo la 1968, kwathu sanafikeko. Ngakhale apayoniya sanandifunsepo kanthu. Ndinadziletsa ndekha. Pomwe ndinkafukula bukulo, referendamu ya 1993 itadutsa, chiswe chinali chitamaliza kale ntchito yonse. Chinangondisiyira chikuto.

Olimba mtima anali ena. Kalata ya maepiskopi yodzudzula boma itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, boma linati wopezeka nayo ndi woukira. Mayi wina wothyola tiyi, woti ngakhale dzina lake sankatha kulemba, anaibisa m'dengu pansi pa masamba n'kubwera nayo kwathu madzulo. "Aphunzitsi, tandiwerengereninso." Ine wophunzirane ndinawerenga manja ali njenjenje.

Ana a lero amafa nacho chiseko akamva kuti nyimbo ya Cecilia inaletsedwa chifukwa cha dzina la Mama Cecilia Kadzamira, kapena kuti amayi sankaloledwa kuvala thalauzi. N'zoseketsadi. Koma ndani akuwauza za mabuku amene sanabadwe n'komwe, eni ake atasonkhezera moto mapepala awo usiku?

Pempho langa ndi ili: atolankhani anu afufuze mndandanda wa mabuku amene analetsedwa nthawi imeneyo, muziusindikiza pang'onopang'ono. Ndipo ngati alipo wina kuno kapena ku Thyolo amene buku lake linapulumuka, andibwerekeko kudzera kwa inu. Adzandiwerengera ndi mdzukuluyu, poti maso angawa zilembo zazing'ono sakuzionanso.

Mphunzitsi wopuma,
Chitakale, Mulanje