Loweruka lino tikhale pansi, tione ngati zaluso zathuzi zikuthandizadi

Mamembala nonse muli bwanji? Loweruka lino sitiyeserera sewero ayi, tikumane 14 hours pamalo athu a nthawi zonse ku Mtendere tikambirane ngati ng'oma, zojambula ndi masewero timapangazi zikusinthadi kanthu pa moyo wa anzathu olumala ndi omwe akudwala matenda a m'maganizo.

Ine kuwerenga mitu kokha kuti lero tabwera angati sikundikhutitsa, munthu atha kumabwera sabata iliyonse koma kunyumba akadadzitsekera m'chipinda. Ndiye tizifunsana zenizeni, kodi tulo mukugona, kumsika mukupita nokha, mwapezako mnzanu woyankhula naye kunja kwa gulu lino? Makolo ndi osamalira odwala mubwerenso, inu ndi amene mumaona zomwe ife sitiona. Zoipa nazo munene chonde, ena anandinong'oneza kuti phokoso la ng'oma limawasokoneza mutu, ndipo a pa wilutcheya akuvutika ndi masitepe aja komanso minibasi.

Padzakhala fomu ya mafunsowa, ndi yaifupi, dzina osalemba. Amene kulemba kumavuta angoyankhula kapena ajambule, womasulira chinenero chamanja adzakhalapo.

China, amene mumalandira mankhwala kuchipatala cha matenda a m'maganizo cha Chainama musasiye ati poti kuvina kwakupepukitsani, izi ndi zongothandizira basi.

Zomwe tipeze tikufuna zikhale zitalembedwa pasanafike pa 3 Disembala, tsiku la anthu olumala padziko lonse. Amene thiransipoti yavuta mundiuze pofika Lachinayi.