Masipika mu pikapu, osadula mawaya mwachisawawa

A Mkonzi,

Ndili ndi Toyota Hilux yakale, ndimanyamula mbatata ku Jenda kupita ku Lilongwe, ulendo wautali ndiye nyimbo zimandichotsa tulo. Mwezi watha ndinagula masipika atsopano a m'zitseko ndi ampulifaya (ampu, kachipangizo kokuzira mawu), koma mnyamata amene anandimangira analumikiza waya ku batire ya 12 volts popanda fyuzi, tili pa M1 ndinangomva fungo la pulasitiki, utsi uli tolo pansi pa mpando! Mwamwayi ndinaima msanga nkuchotsa teminolo ya batire.

Abale anga oyendetsa galimoto, fyuzi iikidwe pafupi ndi batire, waya akhale wonenepa bwino, ndipo funsani kaye ngati sipika ya 4 ohms (muyezo wa momwe sipika imakanira magetsi) ikugwirizana ndi ampu yanuyo. Komanso voliyumu tizichepetsako, hutala wa mnzako uzimumva.

Woyendetsa pikapu,
Kasungu