Kalata kwa Makolo pa Kutha kwa Temu Yachitatu

Okondedwa makolo ndi osunga ana,

Landirani moni. Tikuthokoza Mulungu kuti tatseka temu ana onse ali bwino.

Nkhani yondisowetsa tulo ndi ya ndalama ya labu. Tinagwirizana pa msonkhano wa PTA kuti banja lililonse lisonkhe, koma mpaka lero ambiri simunapereke. Tsiku lina ndinalowa m'kalasi ya Giredi 11 n'kupeza ana ataunjikana pa maikulosikopu imodzi yokha, akulimbirana kuona kakhungu ka anyezi. Belu linalira ena asanaikepo diso, ndipo mtsikana wina anangokopera m'buku la mnzake maselo amene sanawaone. Sabata yotsatira, pokankhana komweko, chipangizocho chinagwa n'kusweka. Sindinalange mwana aliyense, chifukwa mlanduwo ndi wa ife akuluakulu.

Ena mwandiuza kuti za sayansi n'za boma. Kumbukirani kuti maphunziro aulere amene anayamba mu 2022 ndi a m'sukulu za boma, pomwe yathuyi imayenda ndi thumba lanu. Ndipo bomalo likuperewera. Mu 2007 atsogoleri a African Union analonjeza kuika K1 pa K100 iliyonse ya chuma cha dziko pa kafukufuku. Chiwerengero cha Zambia cha 2008 chinali 28 ngwee zokha. South Korea imaika pafupifupi K5, Israel kuposa pamenepo. Kolera itatichedwetsa kutsegula sukulu mu 2024, odwala atadzaza ku bwalo la masewero la Heroes Stadium ku Lusaka, tonse tinkafuna anthu odziwa kuyeza madzi. Anthu oterowo, ngakhale ofufuza mbewu ku Mount Makulu, amayambira pa tebulo la labu.

Choncho amene ali ndi ngongole sadzalandira lipoti la mwana mpaka atadzaonana nane. Ndikudziwa kuti unga ndi makala zakwera mtengo. Chonde bwerani ku ofesi tikambirane, ngakhale kupereka pang'onopang'ono tidzalandira. Chimene chimatipweteka ndi kukhala chete kwanu.

Pa zabwino, ana athu anachita bwino pa chionetsero cha JETS (makalabu a sayansi a m'sukulu), kwaya inaimba mosangalatsa, timu ya netibolo inapambana masewero angapo, ndipo dimba latipatsa repu wokwanira.

Tidzatsegula pa tsiku limene Unduna wa Maphunziro walengeza. Ana abwere ndi yunifolomu yonse. Khirisimasi yabwino.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu