Dandaulo pa handibuleki imene munaika pa ngolo yanga

Nkhotakota

Kwa a Manejala,
Gawo lokonza ngolo ndi mabuleki

Bwana,

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndimangouzidwa kuti mwatulukapo. Nkhani ndi ya handibuleki imene anyamata anu anaika pa ngolo yanga ya matayala anayi yokokedwa ndi galimoto, imene ndimanyamulira mpunga kuchokera ku Bua kupita ku Salima pa msewu wa M5.

Monga mukudziwa, ngoloyi ili ndi mabuleki a mafuta. Galimoto ikamaima, ngolo imakankha pa cholumikizira, master cylinder n'kupopa mafuta, mashuzi n'kugwira m'madramu. Pamsewu sindinadandaulepo nayo. Vuto limabwera ukaimasula ku galimoto, chifukwa pamenepo palibenso choigwira. N'chimene chinandibweretsa kwa inu, ndipo pa kotesheni yanu munalemba momveka kuti muika handibuleki ya kebulo.

Kebuloyo palibe. Anyamata anu anangodula paipi ya mafuta n'kuikapo vavu, ati ndizipopa ndi chogwirira kenako ndizitseka vavuyo kuti mafuta atsekeredwe m'mapaipi. Nditafunsa, mmodzi anati ndi njira yamakono. Bwana, inu ntchitoyi mumaidziwa kuposa ine. Mafuta otsekeredwa sagwira ngolo usiku wonse. Timalabala ta m'masilinda a kumatayala timapumitsa mphamvu pang'onopang'ono, ngakhale osaoneka kudontha. Kuwonjezera apo, kuno kunyanja masana kumatentha koopsa, mafuta amafufuma, ndiye kukazizira m'bandakucha mphamvu ija imatsika, mashuzi n'kulekerera. Ndicho chifukwa chake ngakhale pa galimoto wamba handibuleki imakhala ndi njira yakeyake yosadalira mafuta, kuti mafutawo akatha mphamvu pakhale china chogwira.

Loweruka lapitali ndinasiya ngoloyi ku chigayo cha mpunga ili ndi matumba a makilogalamu 50 odzaza mpaka pamwamba, pamalo potsetsereka pang'ono chabe. Madzulo inali itagwira nganganga. M'mawa tinaipeza itatsetsereka n'kukagwetsa mpanda wa njerwa wa eni nyumba yoyandikana nayo. Pampanda pomwepo masana pamakhala amayi opeta mpunga, ana awo ali pambali. Mwayi wake zinachitika kusanache.

Nditagwada kuyang'ana kunsi, ndinaona kuti pamene anadula paipi paja pali chinyezi, fumbi lamatirira, ndipo ukapaka chala chimabwera ndi mafuta. Apa ndiye pandiopsa kwambiri, chifukwa mwaononganso mabuleki amene ankagwira bwino ndisanabwere kwa inu. Ngolo yotere ndingapite nayo bwanji ku Road Traffic kukatenga COF, chiphaso chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu? Pakadali pano ndabwerera ku miyala yotchingira matayala, yomwe ija ndinkafuna kusiyana nayo polipira ndalama zanga.

Chimene ndikufuna ndi ntchito imene tinagwirizana. Muchotse vavuyo, muike paipi yatsopano yathunthu, osati yolumikiza, ndipo muchotse mpweya m'mapaipi onse. Kumatayala muike mabaki puleti (mbale zachitsulo zomwe mashuzi amakhalapo) okhala ndi kachitsulo kokokera mashuzi, makebulo ake, ndi chogwirira chamano chimene chikakokedwa sichibwerera chokha. Ngati madramu a ngolo yanga salola zimenezi, munayenera kundiuza tsiku lomwelo musanalandire ndalama, ndipo ngati zili choncho mundibwezere zonse.

Ngoloyi sindiikokanso pamsewu ili chonchi, choncho tumizani makaniko wanu kuno kapena mudzaitenge pa ndalama zanu. Eni mpanda aja akudikira njerwa, simenti ndi malipiro a mmisiri, ndipo mtengo wake ndauphatikiza ndi kalatayi pamodzi ndi kope la kotesheni, risiti ndi zithunzi za paipi yodonthayo.

Nyengo yogula mpunga siidikira munthu, ndipo panopa ndikuchita kubwereka lole ya eni ake. Ndikuyembekeza yankho lolemba mwezi uno usanathe. Likapanda kufika, mapepala omwewa ndikawatula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma lomva madandaulo a ogula.

Ine kasitomala wanu,
Mwini ngolo, Nkhotakota