Fuzi ikamapsa mukaika wailesi, musalole kumangira waya

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule ndi eni magalimoto muno mu Lilongwe komanso anyamata amene akumanga mawailesi, chifukwa ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto ndipo zomwe ndikuona m'ma Sienta ndi ma Vitz omwe akubwera kwa ine zikundidetsa nkhawa zedi.

Galimoto zambiri zomwe tikuitanitsa ku Japan zimabwera ndi wailesi yongogwira 76 mpaka 90 pa FM, masiteshoni ambiri akuno siyiwapeza, ndiye munthu akangolandira galimoto amathamangira kukaikitsa ina ya Bluetooth, ena mpaka ampu ndi chiwufa kubuti. Izo zilibe vuto. Vuto limabwera fuzi ikayamba kupsa, mwini wake akabwerera kukadandaula mmisiri uja mmalo mofufuza amangozula yofiira ya 10 nkulowetsa yobiriwira ya 30, ena amakulunga kapepala konyezimira ka mupaketi ya fodya kapena kumangira kawaya nkumati bwana yatheka pitani. Abale, fuzi ija anaiika dala kuti izipsa iyoyo waya asanapse. Mukaika yaikulu shoti ikadali pompo, chomwe chizitentha tsopano ndi mawaya a kuseri kwa dashibodi komwe simukuonako, mudzangomva fungo la pulasitiki muli pa mzere wa magalimoto pa mlatho wa ku Old Town ana ali kumbuyo.

Chikhalirecho kupeza vuto sikovuta ayi. Zulani pulagi ya kuseri kwa wailesi muike fuzi ya nambala yomwe yalembedwa pa chivindikiro cha bokosi la mafuzi. Ikapsabe wailesi ili yozula ndiye kuti pali waya yemwe akugunda chitsulo, nthawi zambiri ndi pomwe anangopotokola ndi zala nkukulunga tepi yotchipa yomwe imamatuka kukatentha mu Okutobala, kapena anamupana ndi sikulu pobwezeretsa wailesi. Ikapsa pokhapokha mwalumikiza, onani kalumikizidwe, waya wachikasu amapita ku moto wa batire wosazima, wofiira ku moto wa kiyi, wakuda ku bodi. Ikamapsa mukagunda bampu kapena dzenje, pali waya akukhudzana ndi chitsulo galimoto ikagwedezeka. Ikadikira kuti mukweze volume ndiye yang'anani mawaya a masipika makamaka olowa m'zitseko, kapena mwaunjika masipika ochuluka kuposa mphamvu ya makinawo.

Koma chomwe chimandipweteka kwambiri ndi ichi. M'ma Toyota ambiri muli waya wa magetsi a pa dashibodi yemwe ukamuyeza ndi tesita magetsi ali ozima amaoneka ngati earth, kutanthauza waya wopita ku bodi, ndiye mnyamata waphuma amamangirira waya wakuda wa wailesi pamenepo. Masana wailesi ikuimba bwinobwino, mwini wake walipira wapita. Kukada akangoyatsa magetsi fuzi yolembedwa TAIL ija yapsa, dashibodi yathima, magetsi ofiira akumbuyo nawonso athima, iye akuona kutsogolo kukuwala osadziwa kuti kumbuyo sakuoneka. Taganizirani galimoto yotereyi usiku pa M1 kulowera ku Lumbadzi thiraki ikubwera pambuyo. Earth imangidwe pa bawuti ya bodi pokhulidwa penti bwino, basi.

Za ampu nazo, chingwe chochokera ku batire chimayenera kukhala ndi fuzi yakeyake pafupi penipeni ndi batire, ndipo podutsa pa chitsulo cha pakati pa injini ndi mkati chidutse pa labala, osati pabowo longoboola ndi msomali ngati momwe ndimazipezera.

Anzanga amisiri a ku Biwi, Mchesi, Area 25 ndi kwina konse, ndikudziwa kasitomala amafuna zachangu komanso zotchipa, koma zulani kaye terminal ya negative pa batire musanadule waya aliyense, gulani kamita koyezera ndipo mukasowa pogwira funsani anzanu. A TEVETA nawo atiganizireko ndi maphunziro afupiafupi a magetsi a galimoto kwa anyamata omwe anaphunzirira pa ntchito. Inu eni galimoto musachoke pamalopo musanayatse magetsi onse nkuzungulira kumbuyo kukaona, komanso auzeni akuonetseni fuzi yomwe aikamo.

Mmisiri wokhudzidwa,
Kawale, Lilongwe