Kwa mwana wanga, pamene wayamba kugwira ntchito ya usiku

Lizulu, Ntcheu

Wokondedwa mwana wanga,

Uthenga wako ndaulandira, ndipo ndamva kuti chimene chikukudetsa nkhawa ndi usiku, pamene dokotala ali kunyumba ndipo wodi yonse ikuyang'ana iwe. Inenso unamwino ndinauyambira pomwepo, choncho undilole ndikuuzeko pang'ono.

Kwa ana usamakhulupirire bata. Mwana wolira mokweza akadali ndi mphamvu, koma woopsa ndi uja wangoti zii kumsana kwa amake ndipo akukana bere. Umuvule malaya, uone ngati nthiti zikulowa m'kati, kenako uwerenge mpweya kwa mphindi yathunthu, chifukwa khanda la miyezi 2 mpaka 11 likamapuma ka 50 kapena kuposerapo, ndiponso mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika pa 40, chibayo chili pafupi. Akakomoka ndi malungo, umuyeze shuga pomwepo. Kuno kwathu m'miyezi ya Juni ndi Julayi mwana wonyentchera amazizidwa mofulumira, ndiye umufunditse ndi kumudyetsa ngakhale pakati pa usiku.

Nyengo ya mango ikafika udzalandira anyamata ambiri othyoka pachigongono. Apa ndiye ndikupempha kuti umvetsetse, pakuti ndinalakwitsapo ndekha. Usiku wina mnyamata amene anamuika chikhakha masana ankalira kosalekeza, ine n'kumupatsa panado ndi kuuza gadiyani wake kuti mwanayo ndi wamantha chabe. Kutacha, zala zake zinali zotupa ndi zozizira, ndipo ngakhale mkonowo unapulumuka, dzanja silinabwerere mwakale. Mnofu ukatupa m'kati mwa chikhakha magazi sayenda bwino, ndipo maola ochepa okha ndi okwanira kuononga dzanja. Ululu umene ukukulirakulira ngakhale wapereka mankhwala, makamaka ukamuwongola zala, ndiwo chizindikiro choyamba. Usadikire kuti dzanja lichite dzanzi. Chikhakhacho ching'ambidwe ndipo dokotala adzutsidwe, kaya akalipe kaya asakalipe.

Nawonso amene amabwera nawo atawamanga zingwe, abale akunena kuti apenga, usathamangire kuganiza za ku Zomba Mental Hospital. Munthu amene dzulo anali bwinobwino koma lero sakudziwa komwe ali angakhale ndi malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, shuga wotsika, kapenanso wasiya kachasu mwadzidzidzi. Uyambe wamuyeza kutentha kwa thupi ndi shuga, ndipo ulankhule naye modekha, pomutchula dzina lake. Koma uja wokhala duu pakona, wosadya, umufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsako sikumuika maganizowo m'mutu.

Chilichonse chimene waona uzichilemba pamodzi ndi nthawi yake, kuti wokulandira m'mawa adziwe ngati wodwalayo akutsika kapena akuchira. Ukabwera pa tchuthi udzandifotokozere za usiku wako woyamba.

Ndine,
Mayi ako