Kalata yoyamikira akuluakulu a Tate Modern

London, 20 Disembala 2018

Okondedwa Akuluakulu,

Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni chifukwa cholandira chionetsero cha Ice Watch, chimene chinatsegulidwa pa 11 Disembala pabwalo la nyumba yanu yoonetsera zaluso, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, pamene nthumwi za maiko zinali pa msonkhano wa COP24 wokambirana za kusintha kwa nyengo ku Katowice, m'dziko la Poland. Zibuma 24 za madzi oundana zimene a Olafur Eliasson, omwe ndi waluso, ndi a Minik Rosing, katswiri wa sayansi ya miyala wobadwira ku Greenland, anaika pamenepo zaphunzitsa anthu ambiri amene sakanatsegula lipoti lililonse la kusintha kwa nyengo.

Chimene ndayamikira koposa n'chakuti simunazitsekere m'nyumba kapena kuzitchinga ndi chingwe, ndipo palibe amene analipira kuti azione. Ana ankazisisita mpaka zala kuuma, ndipo akuluakulu, ena atavala masuti a ku ofesi, ankagunditsa khutu kuti amve kuthetheka kwa timathovu ta mpweya tikamaphulika. Mpweya umenewo unatsekeredwa pamene chipale chinkaunjikana zaka zikwizikwi zapitazo, ndipo ndi womwewo umene asayansi amayeza akafuna kudziwa kuchuluka kwa kaboni amene anali mumlengalenga mafakitale asanayambe. A Rosing amadziwa mbiri ya madziwo, pomwe a Eliasson anadziwa kuti munthu sakangana ndi chinthu chimene chikusungunukira m'manja mwake, ndipo aliyense payekha sakanaikwanitsa ntchitoyi.

Ena afunsa ngati kunali kwanzeru kunyamula katundu wolemera chotere m'makontena ozizira kuchokera kutali. Funsolo ndi loyenera, ndipo ndasangalala kuti zibumazo sizinaswedwe dala, koma zinatoledwa zikuyandama kale m'nyanja ya Nuup Kangerlua pafupi ndi Nuuk, likulu la Greenland, komanso kuti bungwe la Julie's Bicycle linapatsidwa ntchito yowerengetsera mpweya woipa umene ulendowo unatulutsa.

Ine ndine Mmalawi wochokera ku Zomba, kumene chaka chino nyanja ya Chilwa yaphwa kwambiri moti mabwato a asodzi a matemba atsakamira pamatope ku Kachulu. Nyanjayi inaphwapo kale, monga mu 1995, choncho sindikufulumira kunena kuti gwero lake ndi limodzi ndi la ku Greenland. Komabe akatswiri a ku Chancellor College akhala akufufuza za nyanjayi kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza zikanafika patali akanagwirira limodzi ndi ojambula, osema ndi a zisudzo amene tili nawo ochuluka. Ngati m'tsogolomu mudzakonza ntchito ina yotere, chonde mudzaganizireko zoitana aluso ndi asayansi a ku maiko amene chilala ndi kusefukira kwa madzi zikuwasautsa kale.

Mundithokozereko antchito anu amene akhala akuima panja m'chisanu n'kumayankha mafunso a anthu moleza mtima.

Ine wanu,
Mmalawi wokhala ku London